Mbewa za a Pulofesolo Jasinto

Ndikukumbukira chaka chimene mudzi wathu wa kufupi ndi Mualadzi unatsala pang'ono kupha mphunzitsi ndi ulemu. Nkhondo inali itangotha, anthu atabwerako ku Zambia komwe anathawira, ndipo sukulu yathu inali chisakasa cha udzu pansi pa mtengo wa mpundu. Mwana aliyense ankabwera ndi chipika chake chokhalira. Sukuluyo inkathera kalasi yachinayi, chifukwa aphunzitsi awiri amene boma linatumiza kuti atsegule kinta, ndiye kuti kalasi yachisanu, anathawa miyezi itatu isanathe. Ine ndinali nditangomaliza yachinayi, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti popanda mphunzitsi chotsatira changa chinali khasu, kenako banja.

Kenako anafika a Pulofesolo Jasinto, atanyamula mala awo a chitsulo, bokosi la katundu wawo, pamutu kuchokera kumsewu. Anali mnyamata wamtali, wa kunyanja yamchere kutali kummwera, ndipo Chinyanja chawo chinkathera pa "zikomo" ndi "ndili bwino". Makolo anakumana patchalitchi Misa itatha n'kugwirizana kuti uyu yekha asatipulumuke. Anakonza zoti banja lililonse lizimuphikira tsiku lake, ndipo bambo anga, amene ankakonda kuyankhula pamsonkhano, ananenetsa kuti mlendoyo asapatsidwe masamba ngati mbuzi, koma ndiwo yeniyeni.

Inu amene munakulira kwathu mukudziwa ndiwo yeniyeni ya nthawi yokolola. Inali mbewa. Amuna ankakumba mauna m'minda, manja ali tuu ndi fumbi, n'kusankha zonona zokhazokha. Amayi ankaziwiritsa ndi mchere, kuziyanika pamoto mpaka fungo lake likukoka munthu ali kudambo. Ife ana tinkameza malovu tikunyamula mbale yovundikira kupita kwa aphunzitsi, ndipo ndikuvomera lero kuti mchira umodzi kapena iwiri inkasowa m'njira. Mabanja anayamba kupikisana. Awa akapereka zisanu, mawa lake enawo ankapereka zisanu ndi ziwiri.

A Pulofesolo ankalandira mbale ndi manja awiri, n'kunena "zikomo" wawo uja, ndipo mbale inkabwerera ili mbee. Tonse tinkati zinthu zikuyenda. Chodabwitsa n'chakuti munthuyo ankangowonda. Lamba anabowola bowo lina, ndipo kolala ya malaya inkalendewera. Ena anati ndi malungo, ena anati madzi a kuno sanawayanje, amayi ena anayamba kunong'onezana za anthu ansanje. Pa nthawi yomweyo galu wa akatekisiti, amene kale nthiti zake unkaziwerenga uli patali, ananenepa mpaka kumayenda monyang'wa. Mudzi wonse unkaona zinthu ziwirizi, koma panalibe amene anaziphatikiza.

Koma kuphunzitsa ankaphunzitsa, abale. Anatipangira mita ya bango n'kutituma kukayeza nkhokwe za makolo athu. Ankatiwerengetsa mawu a pa matumba a feteleza ndi pa mabotolo a mankhwala, amvekere m'Chipwitikizi chawo chofatsa kuti munthu wosawerenga amagwira ntchito imene wina wamusankhira. Tsiku lina anabweretsa mabatire a wailesi, kawaya ndi kababu ka tochi. Kababuko katayaka m'manja mwanga, ndinakuwa ngati ndalumidwa ndi nkhanira, kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Sindinaiwale kutentha kwa kawaya kaja pa chala.

Linafika tsiku la banja lathu, ndipo amayi anandituma ndi mbale masana. Nditapereka ndinauyamba wobwerera, koma m'njira ndinakumbukira kuti ndasiya nsalu yovundikira. Pobwerera ndinadzera kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawapeza atanjuta, akuponyera galu uja mbewa imodziimodzi, nkhope atayang'ana kumbali. Iwo ankadya nsima yokha potowa mchere. Chitseko chinali chotsegula, ndipo mkati ndinaona mala aja atamangidwa kale ndi chingwe, mabuku onse atachoka pa kathabwa.

Anandiona. Anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akuba chiponde, nayika chala pamlomo. Kenako anayesa Chinyanja chawo chonse: "Usanena. Anthu abwino. Ine sindidya." Ndinafunsa ndi maso za mala aja, iwo anangoti, "Sabudu," ndiye kuti Loweruka achoka.

Ndinayenda njira yonse ndikulingalira. Kuulula kunali kuphwanya mawu a aphunzitsi, komanso kunyozetsa mbewa zimene bambo anakumba tsiku lathunthu. Kukhala chete kunali kutaya kinta. Ndinawapeza amayi akupeta mphale, ndipo ndinangoyamba kulira ndisananene kanthu.

Atamva, anaika lichero pansi. "Wati galu? Mbewa zonona zija, galu?" Kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mayo ine, mwana wa eni ake tamugoneka ndi njala miyezi iwiri, ife tili kudzitama. Nanga kwawoko amadya chiyani?" Ndinati m'kalasi amakonda kujambula nsomba. Basi amayi anagwira atambala awiri, kuwamanga miyendo, n'kuwaimika bambo pakhomo. Bambo anayamba kudandaula kuti munthu wokana mbewa ndi wodzikonda, koma amayi anawadula, powatchula ndi dzina langa: "Inu bambo a Lusiya, mlendo sadyera pakamwa panu. Kwerani njinga."

Bambo anapalasa mpaka ku Cassacatiza, kumene magalimoto akuluakulu opita ku Zambia ankaima, nasinthitsa atambalawo ndi bakayawo, kapenta ndi mpunga pang'ono. Lachisanu amayi anaphika okha, anathira nsinjiro, nanyamula mbale okha. Sanatchule za galu kapena za mala. Ine ndinaima patali ndipo ndinaona a Pulofesolo akuvundukula mbale, kununkhiza, kenako kukhala pansi n'kuyamba kudya. Loweruka linadutsa. Lolemba anali pa bolodi, ndipo galu wa akatekisiti anabwerera ku thupi lake lakale.

Anakhala nafe zaka zitatu, natikoka mpaka kalasi yachisanu ndi chiwiri, ngakhale kuti boma linawatumira kinta yokha. Mwa ife amene tinadutsa m'manja mwawo, wina ndi namwino, wina amayendetsa makina ku migodi ya malasha, ena ali ndi magolosale ndi zigayo zolemba anthu ntchito. Ine ndimakonza magetsi ku Tete. Sitinali anzeru kuposa ena. Tinangobadwa m'zaka zimene mphunzitsi anakhuta.

Atawasamutsa, kinta inatsekedwanso kwa zaka zingapo, ndipo gulu lomwe linatsatira ife linagwera m'dzenjemo. M'gulu limenelo munali mng'ono wanga Terezinya, amene ankaloweza masamu anga pongondimvera ndikuwerenga pakhonde, mutu wake wakuthwa kuposa wanga. Anzake aamuna lero ali m'maenje a golide, ena amanyamula katundu pachipata cha malire. Makampani akabwera kudera kwathu, aluso amabwera nawo kuchokera kutali, ana a kwathu n'kupatsidwa fosholo, ndipo zimandipweteka chifukwa ndikudziwa pamene njira zathu zinasiyanirana.

Masiku ano sukulu ija ndi ya njerwa ndi malata, aphunzitsi amabwera pa njinga zamoto ndipo amadziphikira okha. Palibe amene amawanyamulira mbale, ndipo sindikudziwa ngati makolo amadziwa n'komwe kuti mphunzitsi wa ana awo wagona bwanji. Ndimasowa chisakasa chija ndi utsi wa mbewa, ndimawasowa amayi ndi kuseka kwawo.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi nthawi yosankha fodya, pamene dzanja lililonse limafunika m'chigafa. Terezinya ananditulutsira pepala la ogula fodya kuti ndimuwerengere, monga amachitira chaka chilichonse. Ndisanayambe, mwamuna wake anaitana mwana wawo wamkazi kuti asiye makope adzathandize kumanga fodya. Terezinya sanakweze mawu. Anangolanda pepala lija m'manja mwanga, n'kuliika pamaso pa mwamunayo, amvekere: "Werengani apa. Mwalephera? Inenso ndalephera. Msiyeni mwana apite."