Mapilitsi a Amayi m'Dengu la Mneneri

Ndinachoka ku koleji m'chaka chachiwiri. Ndimati "ndinachoka" chifukwa zimamveka ngati ndinali ndi kwina kopita. Zoona zake n'zakuti aphunzitsi anakhala pansi, n'kuona mayeso anga, n'kugwirizana onse popanda wotsutsa kuti ku Thyolo akundisowa kwambiri. Ndinabwerera ndi sutikesi, jekete imodzi, ndi Chingelezi chambiri chopanda pochiika.

Amayi anga amatchola tiyi pa esiteti kuyambira ndisanabadwe. Tinkakhala m'komboni, m'nyumba zogundana moti mnzako akayetsemula, mphuno umapukuta ndiwe. Amayiwo ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. M'mawa uliwonse, asanabereke dengu, ankameza piritsi limodzi la ku kiliniki ya pa esiteti, n'kupemphera mwachidule, n'kundikumbutsa kuti ana a anzawo akugwira ntchito m'boma.

Ndiye kunabwera mneneri. Anamanga tenti pafupi ndi bwalo la mpira, n'kuika masipika awiri aakulu kuposa zitseko zathu. Ankavala nsapato zoyera, ku Thyolo, m'nyengo ya chiperoni. Anthu ankamutchula kuti a Papa. Ankati wachokera kunja, koma dzikolo silinatchulidwepo, ndipo Chichewa sankachidziwa ngakhale moni. Ankasowa womasulira. Amayi anandigwira dzanja ngati mbuzi yopita kumsika, n'kukandipereka.

Ntchitoyo ndinaiphunzira tsiku limodzi. A Papa akakuwa, nawe umakuwa. Akadumpha, umadumpha pang'ono, osawaposa. Baibulo ankalinyamula lotseka, n'kumaligwedeza m'mwamba ngati akuitana kabaza. Vesi ankatchula theka, theka linalo kiyibodi inkamaliza. Ine ndinkathira ndiwo. Iwo akati mudzadalitsidwa, ine ndinkati mudzadalitsidwa mpaka akapitawo adzakupatsani moni ali chogwada. Amayi a m'komboni ankalulutira. Kunena zoona, ulaliki wa a Papa unkakoma kwambiri ukadutsa mwa ine.

Lamlungu lina anabweretsa dengu lotcholera tiyi n'kuliika kutsogolo. Anati munthu wokhulupirira sameza mapilitsi, pakuti piritsi ndi kalata youza Mulungu kuti walephera. Ndinamasulira mawu amenewo bwinobwino, osataya ngakhale limodzi, ndipo ndinadumphanso. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nafe, mnzawo wa amayi wa matenda omwewo, anapita kukaponya kabotolo kake m'dengumo. Anthu anaimba.

Patapita milungu ingapo, mayiyo anagwa m'munda wa tiyi dengu lili kumsana. Anabwerera kuchipatala pakamwa patakhota, mkono umodzi ukungolendewera. A Papa anafotokoza kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Zimenezonso ndinamasulira, koma sindinadumphe.

Tili m'njira yobwerera kuchokera kutenti, amayi anati, "Anzangawa anakayika. Ine sindikayika. Lamlungu ndiponya anga."

"Amayi, adokotala anati musadumphitse ngakhale tsiku limodzi."

"Iwe, amene unadumphitsa sukulu yonse, ukundiphunzitsa za kudumphitsa?"

Ku koleji sitinafike pa mutu umenewo.

Koma ndinali ndi kanthu kamodzi m'thumba. Masana ena, kuseri kwa tenti, ndinaona a Papa ataterereka pamatope, nsapato yoyera n'kulowa yonse. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo sanali a kunja. Chinali Chilomwe chenicheni, chija amatukwanira agogo akaponda minga. Sanandione. Ndinasunga nkhaniyo ngati mbewu.

Lamlungu linafika. Dengu linaikidwa, ndipo amayi anali woyamba kuponya kabotolo kawo, n'kubwerera pabenchi ali ndi nkhope ya munthu amene wakhoza mayeso. Ena anatsatira. A Papa anagwira maikolofoni n'kukuwa m'Chingelezi kuti mapilitsi onsewa atenthedwa lero.

Ndinakonza jekete, n'kukuwa mofanana nawo: "A Papa akuti mapilitsi onsewa adalitsidwa lero!"

"Ameni!"

A Papa anandiyang'ana ndi diso la pambali. Anakuwanso kuti aliyense wobwerera ku kiliniki ndi wotembereredwa.

"Akuti aliyense atenge kabotolo kake, azimeza monga ananenera adokotala, ndipo tsiku la kiliniki asajombe!"

"Ameni!" Koma Ameni ameneyu anali ndi funso kumapeto.

Apa mundimvetse. Munthu wosadziwa Chichewa sangadziwe kuti womasulira wakhota. Akadziwa, ndiye kuti akuchidziwa. A Papa anaima pakati pa misewu iwiriyi thukuta likutsika. Anandiponda phazi. Ndinamasuliranso zimenezo: "Akuti fulumirani." Amayi awiri anaimirira kulunjika kudengu. A Papa anayesa Chingelezi chapang'onopang'ono, anayesa manja, anayesa kundilanda maikolofoni, koma ine ndine wamtali, ndipo ndi mphatso yokhayo imene aphunzitsi sanaitsutsepo.

Kenako a Papa anaiwala Chingelezi, ndipo masipika awiri aja analengeza mpaka kufakitale ya tiyi:

"Iwe galu iwe, ndanena zimenezo ine?"

Kiyibodi inasiya yokha. Kunja kunamveka madontho a chiperoni akugwa pa tenti.

Ndikanakonda kulemba kuti anthu onse anatseguka maso nthawi yomweyo. Ayi ndithu. Bambo wina wolondera pachipata cha esiteti anadumpha n'kufuula kuti, "Chozizwitsa! Mzimu wawapatsa Chichewa!" Theka la tenti linagwada, ena akulira. A Papa, munthu wochenjera, anali atayamba kale kukweza manja kuti alandire chozizwitsacho.

Amayi sanagwade. Anapendeketsa mutu monga amachitira akamamvetsera mvula ili kuphiri.

"Tanenaninso 'galu'," anatero.

A Papa anangopitiriza kukweza manja.

"Mzimu ukapatsa munthu Chichewa, umam'patsa cha ku Khonjeni? Kayankhulidwe aka ndikukadziwa. Si inu mwana wa mayi uja wogulitsa nthochi pamsika, wa mpata wa m'mano? Amayi anu ali bwanji?"

"Ali bwino," anatero a Papa, chifukwa kwathu kuno funso limenelo silikanidwa, ngakhale utachokera kunja.

Amayi anapita kudengu, n'kufufuza modekha ngati akusankha masamba, n'kupeza kabotolo kawo. Anamanga pakona ya chitenje n'kutuluka. Ena anatsatira. Ena anatsala, ndipo pamene tenti inasamukira cha ku Mphuka, ndinamva kuti kumeneko nkhani ya chozizwitsa cha Chichewa inafika a Papa asanafike.

Ine ndinachotsedwa ntchito popanda kalata, kachiwiri m'moyo wanga. Ndinkayembekeza kuti kunyumba ndilandiridwa ngati ngwazi. Amayi anandidikira pakhomo.

"Unanama m'nyumba ya Mulungu."

"Inali tenti, amayi."

"Unanama. Ndiponso tsiku limene unamasulira molondola mawu onse a munthu uja, n'lomwe unapweteka anzanga. Ndiye sindikudziwa kuti ulape ziti. Lapa zonse."

Chilango anandipatsa okha. Masana aliwonse, anthu akaweruka kusikelo yoyezera tiyi, ndinkapita kwa mayi uja wa mkono wolendewera kukamutungira madzi ndi kumuwerengera Baibulo, chaputala chathunthu, osati theka la vesi, popanda kuthira ndiwo. Ndinapeza kuti muli zambiri zimene a Papa sankafikako. Mayiyo sankayankhula bwino, koma ndikalumpha mzere ankandimenya bondo ndi dzanja labwinolo.

Amayi anabwerera ku tchalitchi chawo chakale, kumene mkulu wa mpingo amawerenga pang'onopang'ono mpaka anthu kuwodzera. Piritsi amameza m'mawa uliwonse. Akameza amapemphera, kenako n'kundikumbutsa kuti ana a anzawo akugwira ntchito m'boma.