Batani la Bwerani

Amayi akunyumba kwanga anali munthu wapakamwa. Ndikatero sindikuwanyoza ayi, pakamwa pomwepo ndi pamene panatidyetsa zaka zambiri. Ankapikula zitenje ku Chipata n'kudzagulitsa kuno ku Mchinji, ndipo akakwera kabaza kuchokera pa boda ndinkawamva asanafike n'komwe pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, akukangana ndi wopalasa njingayo m'Chinyanja cha kutsidya chosakaniza ndi chathu. Ine mawu amandilemera. Ntchito yanga ndi yokonza masikelo, mapulinta ndi mawailesi m'kashopu kamene ndinamanga m'mbali mwa msewu, kutsogolo kwa poloti yathu, ndipo munthu wa ntchito imeneyi amatha tsiku lonse akucheza ndi mawaya. M'banja mwathu mawu anali awo, ine ndinali makutu basi.

Sitiroko inawagwira nthawi imene anthu ankamaliza kukumba mtedza. Potuluka m'chipatala mkono ndi mwendo wa kumanja zinali zitafa, mawu nawo atapita. Maso ankalankhulabe, ukali wonse unali momwemo, koma pakamwa pankangotuluka kamphepo. Nyumba inakhala zii, moti ndinayamba kumva zinthu zimene sindinkazidziwa kuti zimalira, malata akamatenthedwa ndi dzuwa, nkhunda za oyandikana nafe, ngakhale mpweya wanga womwe. Ndinachita mantha, ndipo ndinawasowa ali pomwepo.

M'mawa ankabwera mlamu wanga, mng'ono wawo, kudzawasambitsa ndi kuphika, kenako n'kubwerera kwa ana ake. Masana ndinkatsala ndekha, komanso kushopu kunkafunika munthu. Kuchokera kuchipinda kukafika kushopu umadutsa khitchini, mango uja, ndi bwalo lonse. Ndinawapatsa belu la njinga, dzanja lamanzere linalephera kulikankha. Ndinawapatsa supuni ndi mbale yachitsulo, koma mathiraki akayima pamzere kudikira kuwoloka, injini zili guuu, supuni siimveka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatenga kabokosi ka pulasitiki n'kuikapo mabatani ofewa anayi: la madzi, la kuseri kokadzithandiza, la ululu, ndi lina lakuti bwerani. Waya ndinaudutsa pawindo, m'nthambi za mango, mpaka kushopu, kumene ndinaulumikiza ku kapulinta kakale ka malisiti kamene munthu wina wothandiza amathiraki mapepala a pa boda anakasiya osabweranso kudzakatenga. Nzeru yake inali yakuti amayi akadina batani, kapulinta kalembe mawuwo pamaso panga.

Kaaisi, kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kamene kamawerenga mabatani, kamalankhula chonong'ona, mawu ake satha kuyenda waya wautali chotero. Pamafunika aisi ina yoima pakhomo pa waya, imene imatenga mphamvu yochepa ya magetsi, kuipopa kuti ikwere, n'kukankhira uthenga kutali. Ine ndinkaitcha yofuula, chifukwa inkandikumbutsa eni ake a bokosilo. Ndinaizula pa bolodi ya sikelo yakufa pamodzi ndi makapasita ake opopera mphamvu, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi. Panalinso kakapasita kena kakang'ono, kofiirira, kaphwatalala ngati mphodza, katatsamira pa mwendo umene aisiyo imamwera magetsi. Ndinakayang'ana n'kukasiya pomwepo.

Ife okonza zinthu m'misika muno kapasita timaiyesa ngati mbuzi, poona kunenepa. Tizing'onoting'onoti timatimeta pa mabolodi n'kutiponya m'chitini, poti chinthu chimayakabe patebulo ngakhale tichokepo. Tikafuna kukhazikitsa magetsi timaika chimodzi chachikulu pamene akulowera, n'kumati wamkulu akakhala pakhomo ana alibe nkhawa. Ndinaphunzira choncho, anzanga onse a pa boma amachita choncho. Ndinasankha chikapasita chonenepa ngati chala chachikulu, chochokera mu wailesi ya magule, n'kuchiwotcherera kumapeto kwa bolodi, kutali ndi yofuula ija. Ndinachisisita ndithu ndi kunyada.

Tinayesa tsiku la Mulungu titaweruka ku tchalitchi. Mlamu anatsala kuchipinda, ine ndinakaima kushopu. Kapulinta kanalira kuti tswiii ngati nyenje, pepala n'kutuluka: MADZI. Ndinathamanga ndi kapu, madzi akutayikira m'njira, ndipo ndinapeza amayi akuseka ndi theka la pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu. Tsiku limenelo anandithamangitsa mpaka miyendo kuwawa, dala, kuti aone ngati ndifikadi.

Chimene ndinaiwala n'chakuti Lamulungu chigayo sichigaya. Chigayocho chili kuseri kwa mpanda wathu, ndipo mota yake ikamadzuka mababu a mzere wonse amaphethira. Lolemba chitangolira, kapulinta kanayamba misala. Kankalemba timitanda, tinyenyezi, zilembo zopanda mutu. Poyamba ndinkathamanga nthawi iliyonse, n'kukapeza munthu ali m'tulo sanadine kanthu, ine n'kumudzutsa ndi phokoso la chitseko. Nthawi zina ankadina ndithu, kushopu osatuluka kalikonse. Ndinayamba kusankha zothamangira ndi zosathamangira, ngati kuti ndingathe kulosera.

Masana ena, dzuwa la Okutobala lili pamutu, ndinapita kukangowazonda. Ndinapeza chala chawo chili pa batani la kuseri, chikudinabe, zofunda zitanyowa kale. Nkhope anali atalozetsa kukhoma. Mayi amene sankatuluka pakhomo chitenje chisanasitidwe, amene ankanunkhira sopo ngakhale pochokera ku fumbi la pa boda. Ndinawasintha zovala ndi zofunda. Nditamaliza, anakankha bokosi lija ndi chigongono, linagwa pansi, ndipo sanafunenso kuliona.

Kuyambira pamenepo analeka kumwa madzi masana. Ndinazindikira msanga chifukwa chake: munthu wosamwa safuna womunyamula. Milomo inayamba kung'aluka, maso kulowa m'kati. Ndikawayandikizira kapu ankaluma mano. Amene anawadziwa pa malonda akudziwa kuti mayi ameneyu akati ayi, ngakhale wa kasitomu wa pa boda ankagonja. Ndinaona kuti bokosili likapanda kunena zoona, ludzu lidzanditengera mkazi wanga ine ndikuyang'ana.

Ndinasintha waya wonse. Ndinauchotsa mu mango n'kuukwirira pansi. Ndinawonjezera chikapasita china chachikulu pafupi ndi chinzake, mpaka bokosi osatsekeka. Zonsezo kunali kutunga madzi ndi dengu. Mapeto ake ndinapita kwa mwini chigayo, mnyamata wamkulu thupi koma waulemu.

“Madala, ndikumva chisoni zedi ndi mayi athuwo,” anatero, akudzikuntha ufa m'manja. “Koma ndikazimitsa chigayochi, azimayi ali pamzerewa akadya chiyani? Ena achokera ku Mavwere ndi matumba panjinga. Muziwauza mayiwo azidina chigayo chikapuma.”

Ndinafuna kumufunsa ngati chikhodzodzo chimadziwa nthawi yopuma chigayo, koma ndinangomeza. Sanali wolakwa iye.

M'mawa mwake mlamu anandipeza ndikulowetsa ndowa yodzaza madzi m'chipinda. Ndinkaganiza kuti mwina akamaona madzi ambiri mtima udzafewa. Ndinaiika pakhomo.

“Alamu, inunso ndiye mumaganiza bwanji?” anatero. “Chindowa chonsechi pakhomo, munthu wake sadzuka, chimuthandiza chiyani? Kakapu kokha kakwana, bola kakhale pamene dzanja likufika. Akafuna kumwa asadikire kuti wina achite kuyenda.”

Anathira madzi m'kapu yaing'ono n'kuika pa mpando, pafupi ndi dzanja lamanzere. Amayi sanaikhudze. Ine ndinapita kushopu mawuwo akundizungulira m'mutu popanda kudziwa chimene akundifunira.

Masana amenewo kunatentha modabwitsa. Mathiraki pamzere ankaoneka ngati akuyandama, mapiri atabisala mu utsi wa anthu otentha minda. Nyenje zinkalira mu mango, chigayo chikuyankha. Ndinatsamira patebulo, maso ali pa bolodi ya bokosi lija, tulo tikubwera n'kumabwerera. Kenako ndinadziona ndili wamng'ono ngati nyerere, ndikuyenda m'tinjira ta kopa ta pa bolodipo nditasenza madzi. Kutsogolo kutali yofuula ija inali itagona chagada, miyendo yake yonse ili pansi, kukamwa kuli yasa. Inkameza mwadzidzidzi, kamodzi n'kamodzi, mofulumira kuposa kuphethira, ndipo ndikamafika ndi madzi anga inali itatsamwa kale, mawu atasweka pakhosi. Pansi pankanjenjemera ndi chigayo, madzi n'kumatayika. Ndinkabwerera ku chitsime, chikapasita chachikulu chija, n'kuyambanso ulendo. Penapake nkhope ya aisiyo inali ya mkazi wanga.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Ndinafukula mulu wa mabolodi akufa mpaka ndinapeza ya sikelo ija. Kakapasita kofiirira kanali pomwe ndinakasiya, pambali pa mabowo amene munali aisi, timiyendo take tatifupi zedi. Amene anapanga bolodiyo sanakaike pamenepo pofuna kukongoletsa. Aisi yopopa mphamvu imakoka magetsi modukizadukiza, ndipo waya wautali sungaibweretsere pa nthawi yake, ngakhale kumapeto kwake kukhale chikapasita chonga mgolo. Kakang'onoko kamasunga pang'ono chabe koma kamapereka pompopompo, komanso kamameza kugwedezeka kumene kwabwera ndi magetsi kusanalowe m'kati.

Ndinakazula mosamala ngati ndikuchotsa munga ku phazi la mwana. Ndinakawotcherera pa miyendo yeniyeni ya yofuula, kamwendo kake kena pa mwendo wa magetsi, kena pa mwendo wobwezera pansi, mogundana kwenikweni. M'chitini chija ndinatolamo kena n'kukaika pa kaaisi ka mabatani. Mawa lake mlamu anadina chigayo chikubangula, anadinanso chikuzima, anadinanso chikudzuka. Mawu onse anatuluka oyera, ndipo pamene sanadine pepala linakhala chete.

Ndinanyamula bokosi n'kukagwada pambali pa bedi.

“Amayi, ndakonza. Pano silinamanso. Mukandiitana ndimva, chigayo chilire chisalire.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka maso. Ndinaliika pa mpando pafupi ndi kapu ija n'kutuluka.

Masiku anadutsa kapulinta kali duu. Ndinkapita kuchipinda pafupipafupi, madzi m'kapu ali momwe ndinawasiyira. Kushopu ndinkagwira ntchito ndi khutu limodzi, ndipo ndinabweza anthu a mawailesi chifukwa sindinkafuna china chilichonse cholira pafupi nane. Nyenje ikayamba mu mango mtima unkadumpha, ndikayang'ana pepala palibe. Ndinakwiya nawo, ndinene zoona. Ndinakwiyanso ndi chigayo, ndi chitini, ndi amene anandiphunzitsa ntchito.

Tsiku lina mitambo inasonkhana cha ku Zambia, mphepo n'kubwera ndi fungo la dothi lonyowa ngakhale kwathu kunali kusanadonthe. Azimayi a pa chigayo ankafulumizana kuti ufa usanyowe, mota ikudzuka ndi kugona. Pakati pa phokoso lonselo ndinamva tswiii. Ndinayamba ndayang'ana mu mango. Kenako ndinaona pepala likutuluka pang'onopang'ono: BWERANI.

Sindikumbuka kudutsa pabwalo. Ndinapeza atadzikweza pa pilo okha, kapu ili pa mpando yopanda kanthu, dontho likadali pachibwano. Zofunda zinali zouma. Ndinafunsa ngati pakuwawa, anapukusa mutu. Ndinafunsa za kuseri, anapukusanso. Ndinatenga kapu kuti ndikathire ena, anandigwira malaya.

Akundiyang'ana m'maso chomwecho, anatambasula chala n'kudinanso batani lomwe lija. Kutali, kudutsa khitchini ndi mango, tinamva kapulinta kakulira m'shopu mopanda munthu. Anadinanso. Kanaliranso. Theka la pakamwa lija linakwera, phewa likugwedezeka ndi kuseka kopanda mawu.

“Ndabwera kale, amayi,” ndinatero. “Ndili pompano.”

Anadinanso. Kumsewu wina ankakuwa odi, ndinamusiya akuwe. Ndinakhala pansi, mutu wanga n'kutsamira pa bedi pamene dzanja lawo likufika, mvula ikuyamba kugogoda pa malata, iwo akundiitanabe.