Manda awiri a atate

Tsiku limene tinaika atate ndinadzuka kunja kusanache. Kunena kuti ndinadzuka ndikungolemekeza tulo, chifukwa ndinangotsamira khoma pang'ono amayi a kutchalitchi atatopa kuimba. Usiku wonse nyimbo zinali zapansipansi. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo amilisiya olondera mudzi anali atatichenjeza kuti phokoso ndi moto waukulu zimaitana a kutchire, omenyana ndi boma. Mwera unkalowa m'nyumba mmene ukufunira, popeza chitseko tinali titachizula dzulo lake kuti akhomere bokosi. Matabwa kunalibe kwina kulikonse.

Nyumbayo inali m'aldeya, mudzi wa mizere umene boma linatisonkhanitsamo kumtunda, cha ku Lunho. Atate sanaufune mudzi umenewo. Zaka zingapo m'mbuyomo akuluakulu a boma a ku Metangula anabwera kudzatifunsa ngati tikufuna kukhalabe patokha kumudzi wathu wakugombe, tikudzilamulira mabwato athu, kapena kusamukira ku aldeya. Anati tisankhe poima pamzere. Atate ndiwo anaima kutsogolo kwa mzere wa okana kusamuka, ndipo kumbuyo kwawo kwenikweni kunaima achimwene, mwana wawo woyamba, dzanja lili paphewa la atate. Mzere wathu unafupika. Tinagonja.

Kugonjako kunatibalalitsa. Ena anaolokera ku Likoma, ena analowa kutchire kukagwira mfuti, ena analowa chipani cha boma. Achimwene anasankha chipani, ndipo posakhalitsa anali mlembi wa mudzi, anthu akuwaitana kuti kamarada, monga amaitanirana a chipani. Atate anakana zonsezo. Ankati iwo anaima pamzere umodzi basi, miyendo yawo yakalamba, sangakaimenso pa wina. Anasamuka monga wina aliyense, koma anapempha chinthu chimodzi chokha: akadzamwalira tikawaike kumanda akale, pafupi ndi tchalitchi cha mishoni, pambali pa amayi. Atadwalika anatiitana tonse awiri nabwereza mawu omwewo. Achimwene anavomera, ine ndikumva ndi makutu angawa.

Kutayera, adzukulu ananyamula makasu kutsikira kumanda akale kukakumba. Khasu la atate ndinawapatsa ndine. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anakoleza moto, utsi ukutiwawa m'maso chifukwa cha mphepo. Tinaphika kondoole ndi chigwada chopanda mchere, ndipo mayi wina amene sindinkamudziwa anamasula usipa pang'ono pansonga ya nsalu yake, nausiya pafupi ndi mafuwa.

Anthu anayamba kufika dzuwa litakwera. Kunabwera asodzi okalamba amene anaima ndi atate pamzere uja, ena atapalasa bwato kuchokera cha ku Cobue, kulimbana ndi mwera njira yonse. Iwo anakhala pansi pa mtengo wa mango, a chipani anakhala pamthunzi wa nkhokwe, ndipo moni pakati pawo unali wapakamwa chabe. Achimwene ankayendayenda, kulandira alendo, kunong'onezana ndi uyu ndi uyo. Analira, ndipo misozi yawo inali yeniyeni, sindingawanamizire. Popereka madzi osamba m'manja ndinaona kuti amilisiya ena ali ndi dothi lofiira m'mawondo ndi m'zikhadabo. Kumanda akale ndi kumchenga, dothi lofiira lili kumtunda. Ine chitsiru ndinaganiza kuti achokera kumunda.

Ansembe anali atathawira kutsidya kalekale, choncho mapemphero anachititsa ndi mphunzitsi wa tchalitchi. Atatha, asodzi okalamba aja ananyamula bokosi, ife amayi tikutsatira ndi nyimbo. Kwathu kuno onyamula maliro amalandirana, ndipo munthu akabwera kudzaika phewa lake sakanizidwa, chifukwa ndi ulemu wake womaliza kwa wakufayo. Okalambawo ankayenda pang'onopang'ono, akupuma movutika, koma palibe amene ankafuna kusiya.

Kunja kwa aldeya kuli mphambano. Njira yakumanzere imatsikira kunyanja ndi kumanda akale, yakumanja imakwera kumanda atsopano a mudzi wa mizere. Titatsala pang'ono kufika pamenepo, amilisiya aja anayamba kubwera mmodzimmodzi, mwaulemu wonse, zipewa zili m'manja. Aliyense ankaika phewa, wokalamba nkupatuka akuthokoza. Pofika pamphambano bokosi lonse linali pamapewa awo. Anakhotera kumanja osayang'ana munthu.

Nyimbo inaduka pakati. Mkulu wina anakweza dzanja, kenaka analitsitsa. Tonse tinkadziwa chimene achimwene ankadalira: maliro akalowa njira sabwezedwa m'mbuyo, anthu amaopa kuti atenganso wina m'banjamo. Ndinapyola pakati pa amuna, mwambo ndinauiwala, mpaka ndinawagwira malaya achimwene.

"Achimwene, njira si imeneyi."

"Ndikudziwa, mlongo wanga. Kumanda akale kumadutsa a kutchire. Tikawaika kumeneko, mawa asilikali adzati nyumba yathu ndi ya anthu amenewo. Iwe uli ndi ana."

"Munavomera pamaso pa atate."

"Atate sakumvanso. Amoyo ndife."

Kumtunda tinapeza manda atakumbidwa kale, dothi lofiira lili mulu pambali. Anakumba liti, sindinafunse. Munthu wina wa ku Metangula anayankhula m'Chipwitikizi, achimwene akumasulira. Anati malemuwa anali kamarada wokonda mudzi watsopano, amene poyamba anakayika koma pambuyo pake anaona njira yabwino. Achimwene anamasulira mawu onse, osadumpha ngakhale amodzi, ndi mawu omveka bwino. Pa zonse za tsikulo, chimenechi ndicho chinandipweteka koposa. Kuwakhotetsa njira sikunawakwanire, anawaimikanso pamzere umene anaukana ali moyo.

Ndinaponya dothi langa chifukwa m'dzenjemo munali atate anga. Kenaka ndinatsika ndekha kunyanja, asodzi angapo okalamba akunditsatira chapatali. Adzukulu tinawapeza atakhala pamchenga, makasu ali pambali, akudikirabe maliro. Manda anali okongola, olunjika bwino, moyandikana ndi mtanda wa amayi. Nditawafotokozera, wamkulu wawo anati manda okumba sasiyidwa chotsegula. Anapita pabwinja lathu, pamene nthochi za atate zinkamerabe popanda wozisamala, nadula thunthu limodzi. Ndinavula nsalu yapamwamba, tinalikulunga, tinalitsitsa bwinobwino monga amatsitsira munthu, nkukwirira. Palibe anaimba. Pambali pa amayi anga pagona thunthu la nthochi mpaka lero.

Madzulo anthu anabalalika msanga, aliyense akuopa kuyenda mdima utagwa. Moto wakuseri unazima, miphika inabwerera kwa eni ake. M'nyumba munatsala mphasa ya atate, ndodo yawo pakhoma, ndi ana anga atagona mounjikana pakona. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Mwina achimwene sananame za asilikali. Ndinaliganizira limenelo, ndipo mtima sunatsike ngakhale pang'ono. Akanabwera kudzandiuza maso ndi maso, tikanakangana, mwina ndikanagonja monga tinagonjera kale. Koma anandisiya ndipereke khasu kwa adzukulu, achimwenewo akudziwa kuti atate sakagona kumeneko.

Ndinamva mapazi panja. Achimwene anaima pakhomo nati odi, pamalo pamene panalibe chogogoda. M'khwapa anali ndi mphasa yopinda, nati abwera kudzatchinga pakhomopo kuti ana asazizidwe.

"Pasiyeni chotsegula," ndinatero. "Atate akabwera kudzafunsa njira ya kwa amayi, mudzawayankhe ndinu."

Sanachoke. Anakhala pansi panja pomwepo, mphasa ili pamiyendo, mwera ukudutsa pakati pathu kulowa m'nyumba.