Chitsononkho cha a Nthanda

A Lameki Nthanda anabadwira pa esiteti ya fodya ku Chulu, m'kanyumba kaudzu kuseri kwa chigafa. Makolo awo anali matenanti ochokera ku Phalombe. Mwa ana onse a pa esitetipo ndi iwo okha amene anafika ku koleji, ndipo atamaliza anachita kupempha kuti akaphunzitse sayansi pa sekondale yoyendera ya komweko.

Sukuluyo inalibe labotale. Ikafika nthawi yophunzitsa za mphamvu imene dziko limakokera zinthu, a Nthanda ankatulutsa ana a Fomu 3 pabwalo, n'kumangirira chitsononkho ku chingwe, n'kumachizunguza pamwamba pa mutu.

"Ichi chikufuna kuthawa molunjika, koma chingwe chikuchikoka," ankatero. "Mwezi nawo n'chimodzimodzi, kungoti chingwe chake sichioneka."

Ambiri ankangoseka. Koma chaka china Modester, mwana wa tenanti, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ngati dziko likuukoka, ndiye kuti mweziwo ukugwa?"

"Ukugwa, inde."

"Nanga osafika pansi bwanji?" Mtsikanayo anadziyankha yekha. "Ukuthamangira cham'mbali kwambiri. Ukamagwa, dziko limakhala litapindika kale pansi pake."

A Nthanda anadabwa kwambiri. Iwo zimenezi anadzazimvetsa ali kale ku koleji. Atafika kunyumba anauza akazi awo, a Feliya, kuti lero apeza injiniya.

Fodya atayamba kupsa m'minda, Modester anasiya kubwera. A Nthanda anapalasa njinga mpaka ku esiteti, ndipo anamupeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Bambo ake sanadzuke n'komwe pomwe anakhala.

"Aphunzitsi, abwana anatilemba banja lonse. Uyu akapita kusukulu, chimanga atidula. Mwezi wanuwo tidya?"

"Inetu ndinakulira m'chigafa ngati chino, bambo."

"Ndiye mukudziwa," anatero bamboyo, n'kupitiriza kusoka.

Modester sanadzutse nkhope. A Nthanda anakadandaula kwa ahedi, kwa akomiti ya sukulu, ngakhale kwa akulu ampingo. Onse anati ndi za m'banja la eni. Msika wa fodya utatsekedwa, banjalo linakwera lole kupita ku esiteti ina, ndipo patapita nthawi kunamveka kuti mtsikanayo wakwatiwa ndi kapitawo wa kumeneko, pa mitala.

Kuyambira pamenepo a Nthanda sanatulutsenso ana pabwalo. Ankadzaza bolodi ndi manotsi, ana n'kumakopera ndi kuloweza. Wina akafunsa kuti "chifukwa chiyani", ankamuuza kuti zimenezo sizibwera pa mayeso. Ana okhoza anachuluka, ndipo ahedi anawayamikira pamaso pa makolo.

Atapuma pantchito anabwereka munda ku Kaomba n'kuyamba kulima fodya. Msana unali utawatha, choncho analemba banja la matenanti. Banjalo linabwera ndi mnyamata wa Fomu 2, dzina lake Lonjezo.

M'mawa wina a Feliya anabweretsa tiyi kuchigafa, n'kupeza Lonjezo akupachika fodya pamodzi ndi makolo ake, malaya a sukulu ali pathupi.

"Abambo, kodi lero si Lachiwiri?" anafunsa amuna awo motsitsa mawu.

A Nthanda anayang'ana kumunda. Masamba anali atachita chikasu mizere yonse, ndipo mitambo inali kusonkhana cha kumadzulo.

"Fodya wapsa, mayi," anatero. "Adzapita sabata yamawa."