Mbale ya Ababa ndi Galu Wathu

Galu uja sindinamufune ine. Anabwera naye ndi amuna anga, m'katoni ya sopo, kuchokera ku Benga. Anati panyumba pakufunika mlonda. Patangotha mwezi iwo anapeza ntchito kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, nkumabwera kamodzikamodzi, ndipo mlonda uja anatsala m'manja mwanga. Ana athu awiri analumbira kuti azimudyetsa ndi kumusambitsa okha. Anamusambitsadi tsiku loyamba. Anamupatsanso dzina, koma ine ndinkangomuti iwe.

Ntchito yanga inali yoyanika usipa pathandala ndi kukagulitsa kumsika. Galu anaiphunzira ntchitoyi msanga kuposa ana. Ankadziwa thandala limene lapendekeka, ankadziwanso nthawi imene ndatembenuka. Akaba wa ine ndinkangotukwana, koma akaba wa anzanga ndinkayenda ndi mbale kukabweza, nkupepesa ngati ndadya ndine. Ankafuna chakudya, ankafuna kuchotsedwa nkhupakupa, ankafuna kumangidwa, ndipo akamangidwa ankafuna kumasulidwa. Wakuba sanagwirepo ndi mmodzi yemwe. Amene ankamuuwa ndi mtima wonse anali amuna anga akabwera kuchokera ku Dwangwa.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandipweteka ndi cha ababa.

Ine ndinabadwira m'banja lachisilamu koma ndinakwatiwa ndi Mkhristu. Ababa, amene anali telala pakhonde la sitolo ina, sanandikanize, ngakhale abale anawanena kwambiri. Amayi atamwalira, ababa anayamba kubwera kwathu Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti kudzadya mpunga. Anali ndi mbale yawo yamalata, yamaluwa ofiira m'mphepete. Sabata yonse ndinkadikira tsiku limenelo.

Kwathu malovu a galu ndi najisi, uve umene sumachoka ndi kutsukuluza wamba. Chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Lachisanu lina ababa akusamba m'manja, galu anafika bwinobwino nkunyambita mbale yawo yamaluwa ija, iwo akuona. Sanakalipe. Anapukuta manja, nati, "Ndakhuta, mwanangu." Anali asanadye.

Mbale ndinaitsuka monga mwa lamulo, ndinawonjezeranso kangapo, nkuipachika pamsomali pamwamba pa chitseko. Sizinathandize. Ababa ankabwerabe Lachisanu, koma ankaima pamsewu, kufunsa za ana, nkupitirira. Ndinkawaona akupita ndi njala, mkanjo wawo woyera ukuwala, mpunga wanga uli wovundikira. Galu ankakhala pambali panga, nayenso kuwaperekeza ndi maso.

Ndinayesa kumupatsa anthu. Mlimi wina wa ku Kanyenda anamutenga kuti azithamangitsa anyani kumunda wa chinangwa. Galu anabwerera yekha, ataonda, ana nkumulandira ngati wachokera ku Joni. Msodzi wina anamukana atangomva mbiri yake. Amuna anga nditawadandaulira anati, "Azolowerana." Iwo ananena zimenezo ali chikwama m'manja, akudikira basi.

Kenako kunabuka chiwewe cha agalu cha kumtunda, ndipo boma linalengeza kuti agalu onse amangidwe. Wopezeka akuyendayenda, a vetenale amuwombera. Masiku amenewo boma likanena, munthu sunkafunsa kuti mpaka liti. Ndinamumanga kumtengo wa mango ndi chingwe cha ukonde wakale, chokhacho chimene ndinali nacho. Kuti ankatafuna zingwe ndinkadziwa, ndipo mtima wanga sunagunde nazo.

Lachisanu la sabata imeneyo amayi tonse tinaitanidwa kubwalo la sukulu kukaphunzira nyimbo ndi magule a chipani, poti kunkabwera alendo akuluakulu. Kumeneko kunalibe zoti ndili ndi usipa padzuwa. Tili pakati povina tinamva mfuti cha kumudzi, kenako ina. Amayi ena anaphonya sitepe. Ine ndinavina bwino kwambiri tsiku limenelo, mpaka amayi otsogolera anandiloza kuti ena aonere kwa ine. Mumtima ndinali nditatsitsa kale mbale pamsomali.

Nditafika kunyumba ndinapeza chingwe chili chiduke pamtengo. Pansi pa mtengo womwewo panakhala ababa. Mkanjo wawo unali ndi mapazi a galu kuyambira m'mawondo mpaka pachifuwa. Dzanja lawo lamanja linagwira galu pachikopa cha pakhosi, ndipo galuyo, poti ndi galu, ankawanyambita pamkono.

"Ababa, mwatani?"

"Tenga chinthu chakochi," anatero. "Dzanja lachita dzanzi."

Nkhani yake ndinaimva kwa mayi woyandikana nafe, chifukwa ababa sankakonda kufotokoza. Iwo ankapita kumzikiti, atasamba kale, pamene galu anatulukira akuthawa mfuti nkudzalowa pakati pa miyendo yawo, m'kati mwa mkanjo. Wamfuti anafika nati, "Bambo, tapatukani." Ababa sanapatuke. Wamfuti anati galu wosamangidwa ndi wa boma. Ababa anawerama, nkumugwira pakhosi, nati, "Wamangidwa. Chingwe chake ndine." Wamfutiyo ankawadziwa, monga aliyense ankawadziwira, ndipo akuti anayang'ana kachipewa kawo, nkuyang'ana galu, nkuchoka. Ababa anamukoka galu mpaka kwathu. Poopa kuti akamusiya athawanso, anakhala naye choncho mpaka swala, pemphero la kumzikiti, inatha iwo kulibe. Chikhalire sindinamvepo kuti ababa aphonya swala ya Lachisanu.

"Nanga simukanangomusiya?" ndinafunsa. Ndinafunsa mokwiya ndithu, chifukwa anandiwonongera zinthu.

"Anathawira kwa ine," anatero. "Akanathawira kwa iwe, zikanakhala zako. Tandipatsa madzi ndi dothi."

Ndinawathirira madzi iwo akuwerenga chamumtima. Ndinawapatsa malaya a amuna anga, mkanjo nkuunyika. Atakhala ndi malaya a mkamwini wawo, manja ake ofika m'zala, anayang'ana kukhitchini.

"Poti zaonongeka kale," anatero, "mpunga ulipo?"

Ndinatsitsa mbale ija. Ndinalira ndili kukhitchini, pang'ono chabe, kuopa kuti mpunga ungazizire.

Kuyambira pamenepo ankadyanso kwathu Lachisanu. Galu ankamangidwa ndi tcheni chimene ababa anagula okha, ndipo sanamukhudzenso. Ankamutchula kuti "wauve uja". Koma akamaliza kudya ankasiya mutu wa nsomba m'mphepete mwa mbale, nkundiuza kuti ndikataye, osanena kuti ndikataye kuti.

Apa ndiye ndinagwidwa kwenikweni. Galu amene ababa anaphonyera swala sindikanathanso kumupereka kwa munthu, kapena kumumanga ndi chingwe chowola. Anapitiriza kuba usipa, ine nkupitiriza kupepesa. Sindinamukonde, ndipo sindinganame kuti ndinadzamukonda pambuyo pake.

Ababa anamwalira galu akadali moyo, galuyo atachita imvi kukamwa. Abale pogawana katundu anatenga makina osokera, mkeka wopempherera ndi mikanjo. Ine sindinapemphe kalikonse. Mbale inali kale pamsomali, ndipo chinthu china chimene ababa anachigwira ndi dzanja lawo chinali kunja, chikutafuna tcheni, chikudikira kuti ndichipatse chakudya.