Magalasi a Nibaron Pal

Pa 9 Epulo 1942, padoko la tauni yathu kuno ku Bengal, wapolisi analanda munthu magalasi chifukwa chokhala chete. Anthu amaseka akamva zimenezi, koma wolakwiridwa alipo, ndipo ndi a Nibaron Pal.

A Nibaron analephera mayeso a ukalaliki, malonda a nsalu anawakanika, uphunzitsi anauthawa ati ana amasokosa. Ntchito imene inawayanja inali yowerenga nyuzipepala mokweza pa tiyirumu ya a Gofur. Opalasa mabwato ndi onyamula matumba a mpunga ankamvetsera, a Gofur n'kumawalipira a Nibaron ndi tiyi ndi bisiketi. Chonyadira chawo chinali chimodzi: sankadumpha kanthu. Ankawerenga ngakhale zotsatsa mafuta ochiza dazi, dazi lawo likung'anima.

Nkhondo ya Azungu ndi Ajapani itafika ku Burma, kunabwera lamulo loletsa kulemba kapena kunena zofooketsa anthu. Nyuzipepala inayamba kufika ili ndi malo oyera pamene nkhani zachotsedwa. A Nibaron anaona kuti kudumpha malowo n'kubera omvera. Tsono akafikapo ankayendetsa chala pang'onopang'ono, pakamwa ali chitsekere, mpaka pamene zilembo zayambiranso. Omvera anazolowera kuyeza nkhondo ndi chala chimenecho.

"Lero chayenda ulendo wautali," ankatero opalasa mabwato. "Azungu akwapulidwa ndithu."

Tsiku lija mkulu wa apolisi, a Tarapodo, anaimirira kumbuyo kwa benchi.

"Bambo Pal, mwanena chiyani pamenepa?"

"Sindinanene kanthu, bwana."

"Mlandu wake ndi womwewo. Kukhala chete kwanu kukufooketsa anthu."

"Ndiye ndiziimba nyimbo ndikafikapo?"

"Musawalole, bwana," anatero a Gofur. "Mkaka wanga ungasase."

A Tarapodo anasowa mawu oti akanene kukhoti, choncho anangowavula a Nibaron magalasi kuti akhale umboni.

M'mawa mwake a Nibaron anabwera ndithu, poti wosawerenga analibe tiyi. Atatambasula pepala anangoona nkhungu yokhayokha. Kuvomera kuti sakuona kunawachititsa manyazi, ndiye anayendetsa chala tsamba lonse loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza, osatulutsa liwu. Omvera anayang'anana. Pofika masana anthu anali akukweza akazi, miphika ndi mbuzi m'mabwato, ati Ajapani afika kutsidya.

A Tarapodo anabwera thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, werengani chilichonse. Ngakhale za dazi zija."

"Magalasi anga, bwana."

"Apita kale kukhoti. Ndi umboni."

Mapeto ake anawerenga okha a Tarapodo, modumphadumpha ngati mbuzi pamiyala. Sabata isanathe a Gofur anapeza wowerenga wina, wodziwa kudumpha, ndipo a Nibaron anasunthidwira kumapeto kwa benchi. Magalasi ena a Nibaron anakana kugula, ati kutero n'kuvomera mlandu.

Nkhondo inatha, Azungu anapita, dziko linagawidwa, lamulo lija linangosintha dzina. A Nibaron akadali pa benchi pomwepo, akupatsa moni mitengo ya padoko poyesa ndi anthu. Tiyi amene a Gofur amawapatsa mwachifundo iwo amati ndi malipiro odikirira mlandu.

Mlanduwo sunaitanidwe mpaka lero. Ngati analakwa, awauze mawu amene ananena. Ngati sanalakwe, magalasi awo ali kuti? Wina ayankhe.