Amene Filimu Sinamuonetse

Amayi anga a Clotilda amalima minda iwiri kwathu ku Nkomeshya, m'dera la Chongwe: wawo ndi wa mlongo wawo Bornwell, amene anapita kukafuna ntchito ku Botswana ine ndili kumsana. Foni yake inazima kalekale. Ena amati anakwatira konko, ena amangopukusa mutu. Mvula ikangogwa amayi amayamba ndi munda wa malumewo, wawo pambuyo, chifukwa kuno munda ukagonera, umadzuka uli ndi zikhomo za simenti za anthu a ku Lusaka.

Mmodzi mwa anthuwo ndi a Calvin, ogwira ntchito m'boma, amene anamanga moyandikana nafe. Munthu wabwino ndithu, koma diso lawo linali pa munda wa malume, ati amangepo khola la nkhuku. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi anatiitana kukaonera filimu. Tonse tinadziwa kuti zoziziritsa kukhosi za tsikulo sizinali zaulere.

Filimuyo inali ya munthu amene anakwera chombo kupita kunyenyezi, n'kusochera komweko zaka zambirimbiri. Pobwerera anapeza nyumba yake ili chiimire, pabwalo posesa, mitengo ikubala.

"Apa peve banama," anatero a Calvin. "Zaka zonse izo, ploti ili che? Kuno ku Chongwe sembe banagulisa kudala."

Akazi awo a Cecilia anati mwina makina ndiwo ankasamala. A Calvin anakana kwamtuwagalu, ati makina osapukutidwa amachita dzimbiri. Anakangana mpaka thukuta, ngati kuti chombocho anachipanga ndi iwo.

Amayi, amene ndinkayesa akuwodzera, anatsokomola. "Sibananame, ba Calvin. Kunali muntu enze kubwela na kambwili kulimako chaka na chaka."

"Nanga sibanamuonese bwanji, amai?"

"Muzaonesa chani? Kulima kulibe vokondwelesa. Koma mwamuona mwine wake, sanagone panja."

A Calvin anatembenuzatembenuza rimoti m'manja. Nkhani ya khola sinatulukenso pakamwa pawo. Ine ndinanyada kwambiri, sindibisa ayi. Ndinkafuna kuimika aliyense panjira n'kumuuza kuti, awa mukuwaonawa ndi amayi anga.

Tikudutsa m'mbali mwa mundawo ndinawafunsa funso limene ndakhala ndikuliopa. "Nanga ngati ba malume sibazabwela?"

Sanaime n'komwe. "Azabwela mwana wake kufunsa kwamene batate bake banachokela. Nizamuonesa chani ine, khola ya nkhuku?"